Matabwa a m'Chipinda Chomaliza

Amene anayamba kundiuza za nyumba ya ku Woodlands ndi alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Anandipeza pampopi ku Kabwata, mu Lusaka, ndikuchapa matewera, ndipo sanadikire n'komwe kuti ndipukute m'manja.

"Mulamu, lekani kuyonda na maganizo," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Kuli ba bwana bena ku Woodlands, bamanga chinyumba. Bafuna muntu woika matabwa pansi, futi bafuna wolonda. Muzankala mwamene muja. Uzani alongo anga basambe, bavale jekete."

Ndinasiya thewera m'beseni n'kukweza manja kumwamba pomwepo, amayi anzanga akundiyang'ana. Masiku amenewo nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito. Amuna anga ankagwira kwa mzungu wina woyala matabwa pansi m'nyumba za ku Kabulonga, ndipo ife ku Kabwata tinkakhala chifukwa cha ntchito imeneyo. Mzungu uja atalongedza n'kubwerera kwawo, tinauzidwa kuti mvula ikangotha tipereke makiyi. Tinali ndi ana atatu, wotsiriza ali kubere. Kumudzi ku Katete kunalibe munda wotidikira, poti bambo, amuna angawo, anachokako ali mnyamata.

Mwini nyumbayo anali mkulu pakampani ina ya boma, wa kwathu komwe kum'mawa, munthu wofatsa wosachulutsa mawu. Anatizungulitsa pamalopo. Panali mpanda wautali wa njerwa, geti lachitsulo, ndi nyumba yofolera kale koma pansi pali simenti yokhayokha. Kuseri kunali kanyumba ka antchito, makoma okha, kopanda denga.

"Pansi pakakoma, amayi akunyumba akakondwa, za kanyumba aka tidzaona," anatero abwanawo.

Anaika lamulo limodzi: matabwa asasiyidwe okha ngakhale kanthawi kochepa. Zinali zaka zija za mizere, pamene sopo, mafuta ophikira ndi ufa tinkazipeza titaima padzuwa, ndipo chilichonse chosiyidwa poyera chinkamera miyendo. Matabwawo anali a mukusi, mtengo wofiira wolimba, odulidwa timapisi totalika ngati phazi la munthu wamkulu. Abwana anawapeza movutikira, ndipo anati ena sadzapezekanso. Bambo ndiwo ankatuluka kukasaka phula lomatira matabwa ndi sandipepa ku Kamwala, choncho mlonda weniweni ndinali ine. Msonkhano wa amayi wa Lachinayi ndinasiya. Maliro a mumpingo ndinkangowamva atapita kale. Geti ndinkalitsegulira mwana wanga wamkulu popita ndi pobwera kusukulu, ndipo msewu ndinkauonera pampata wa loko.

Mayi wa nyumbayo, amene tinkawatchula kuti adona, anali wobadwira m'tauni, waukhondo wosati masewera. Tsiku loyamba anaima pakhomo lalikulu n'kuloza m'kati ndi kiyi wa galimoto.

"Sinifuna tumipanda pa makomo," anatero. "Nifuna matabwa yachoke apa, yapite mu vipinda vonse, yafike ku chipinda chosiliza monga ni chitenje chimozi."

Bambo anavula chipewa n'kuvomera. Kenaka masiku anapita osamata ngakhale thabwa limodzi. Ankangoyenda m'nyumbamo ndi chingwe, choko ndi sikweya yoyezera ngodya, kugwada apa, kutsinzina diso limodzi apo. Ine mtima unali m'mwamba.

"Bambo, abwana akabwera adzati mukungodya ufa. Yambani ngakhale chipinda chimodzi aone."

"Chipinda chimodzi chokha n'chosavuta, amake mwana," anandiyankha. "Umayamba pakati, zotsala umakadulira kukhoma. Koma zipinda izi zagwirana manja. Zonse zimvera chingwe chimodzi. Ndikapotoza chala chimodzi pakhomo lalikulu, pofika kumapeto ndapotoza mkono. Gwirani apa."

Ndinagwira. Chingwecho anachipaka choko, ine nsonga imodzi pakhomo lalikulu, iwo nsonga ina kumapeto kwa pasaji, mpita wautali umene zipinda zonse zinkatsegukiramo. Atachikoka n'kuchisiya, chinamenya simenti n'kusiya mzere woyera. Kuchokera pamzere umenewo anajambula mizere ina yolowa m'chipinda chilichonse. Anapeza kuti omanga anapotoza pang'ono khoma lina la pasaji, ndiye tinafufuta n'kumenyanso chingwe, kufufuta n'kumenyanso, mpaka kupotokako kutagawidwa mbali zonse ziwiri moti diso silingakugwire. Kenaka anandanda matabwa popanda phula kudutsa pakhomo lililonse, kuti aone ngati pakhomopo padzagwe thabwa lathunthu kapena kachidutswa konyansa. Ndinkaona kuti ntchitoyi ankaikonda. Akamayeza ankaimba chapansipansi, zimene kunyumba sankachita.

Madzulo ena ndinafunsa funso limene linkandivuta.

"Nanga ife tizigona pati matabwa akamayalidwa?"

Ananditengera kuchipinda cha kumapeto kwenikweni kwa pasaji. "Muno ndidzayala pomaliza. Bola muno musanathe, palibe wotiuza kuti tichoke. Koma pasaji ndiyo yoyamba, chifukwa mizere yonse ibadwira m'menemo. Ndikangoyala, simudzapondamo. Thabwa losapalidwa silifuna madzi, silifuna phazi la mwana."

"Ndiye tizilowera pati?"

Anayang'ana zenera.

Ndi mmene tinayambira kulowa ndi kutulukira pazenera. Bambo anasanja njerwa kunja ndi m'kati ngati masitepe. Chidebe cha madzi, nkhuni, mwana kumsana, zonse pazenera. Alamu anga atabwera kudzationa anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mulamu, ninakupezelani nyumba ya vitseko vambili, imwe mungena monga bakawalala!"

Tinaseka nawo, n'kuwakoka mikono kuti akwere, chitenje chawo chitakodwa pachitsulo.

Matabwa aja, asanamatidwe, ankayenera kugona kaye m'chipinda chimene adzayalidwemo, kuti azolowere mpweya wa m'menemo. Bambo anagawa milu m'chipinda chilichonse. Mulu wa chipinda chathu tinausanja bwino m'mbali mwa khoma n'kuyalapo mphasa, ukhale bedi, chifukwa simenti inkazizira ngati mwala wa kumtsinje. Anandiuziratu kuti moto usayandikire mitengoyo, ndipo ndinkaphikira kunja.

Kenaka inafika mphepo ya Juni. Amene anakhalako ku Lusaka akuidziwa, imalowa mpaka m'mafupa. Nyumba yaikulu yopanda katundu imazizira kuposa panja. Khanda linayamba kutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. M'mawa wina bambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mwana, akuyang'ana matabwa. Anatuluka pazenera, ndipo pobwera ananyamula mbaula ndi manja awo, makala atayaka kale bwino.

"Ikani apo. Zenera musatseke lonse."

Kuyambira pamenepo mbaula inkalowa m'mawa ndi madzulo mpaka mphepo inatha. Matewera ndinkaumitsira pomwepo. Mwana anachira, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha moto umenewo.

Ntchito inayenda. Fungo la phula lotentha linalowa m'zovala, m'tsitsi, ngakhale m'ndiwo. Pasaji inatha, chipinda chochezera chinatha, chodyera chinatha. Chipinda chikangopalidwa n'kupakidwa, adona ankabwera, kuvula nsapato, kuyendamo ndi masokosi, kutseka, kiyi n'kuponya m'chikwama. Nyumba inkakongola, ife malo akutichepera. Kanyumba ka kuseri kanali chikhalire kopanda denga, poti malata sankapezeka. Tsiku lina ndinamva adona akuuza mnzawo kuti akuganiza zoitanitsa mtsikana wa kwa achibale awo kuti adzakhale wantchito, ndipo adzagona kuseriko.

Apa ndi pamene pemphero linandivuta. Ndikati ndipemphe kuti ntchito ithe bwino, ndiye kuti ndikupempha tsiku lotulutsidwa. Ndikati ndipemphe kuti ichedwe, ndiye kuti ndikupempherera amuna anga ulesi, pamene iwo ulesi sankaudziwa. Ndinkangogwada pamphasa n'kunena kuti, Atate, Inu mukuona zonse ziwiri, sankhani Inuyo.

Kutayamba kutentha kunabwera owotcherera, n'kuika zitsulo zoletsa akuba pamazenera onse. Lathu silinatsale. Khomo lathu lija linatha tsiku limodzi. Bambo anayala masaka m'pasaji kuchokera pachitseko chathu mpaka kukhitchini, ndipo tinkayenda pamasakapo opanda nsapato, chidebe chitavindikiridwa, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Mwana wanga wachiwiri, kamtsikana ka zaka zothamangathamanga, ndinkangokhalira kukagwira mkono. Ana a anthu ena amakalipiridwa akaswa mbale. Anga ankakalipiridwa chifukwa choponda pansi.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inafika nthawi ya chipinda chathu. Tinaunjika katundu mbali imodzi, bambo n'kuyala mbali inayo, kenaka tinasamutsira katundu pamasaka n'kumaliza kotsalako. Matabwa amene tinkagonapo aja anali opepuka m'manja, ndipo ukawagundanitsa ankalira ngati mbale. Analowana bwino kwambiri, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Mzere unadutsa pakhomo lathu n'kukumana ndi wa m'pasaji ngati unabadwa umodzi. Kukhoma bambo anasiya kampata kopumira matabwa monga ankachitira m'zipinda zonse.

Adona ataona anaomba m'manja. "Iyi ndiye yapambana vonse!" Anatilola kugonabe m'menemo pamasaka mpaka abwana atanena za kanyumba kaja. Abwana anali paulendo wa ntchito. Tinadikira.

Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, kenaka kunachita mvumbi wosalekeza. Chitseko chathu chinayamba kukhula pansi potsegula. Ndinaona bambo atagwada, chikhatho atachiika pamatabwa pafupi ndi khomo, ngati akumvera mtima wa wodwala. M'mawa mwake anati akupita ku Kamwala kukafuna phula, ndipo abwera msanga.

Wamkulu atapita kusukulu, kamtsikana kaja kanabwera kuchokera panja mapazi ali matope okhaokha, kakufuna kuthamangira m'pasaji. Ndinakanyamula, kukalowetsa m'chipinda, n'kukankha chitseko ndi chiuno mpaka chinatsekeka. Ndinakhala pansi kuyamwitsa khanda. Sipanapite nthawi yaitali, ndinamva kuthetheka ngati mapesi akupsa. Ndikuyang'ana ndi maso angawa, pansi kuseri kwa chitseko panatukumuka, matabwa atatsamirana mitu ngati mzere wa mbatata, kuchokera pakhomo mpaka pakati pa chipinda.

Ndinakoka chitseko. Chinkatsegukira m'kati, ndipo chinagunda pamzerewo n'kuima. Ndinakoka ndi manja awiri, ndinapondapo ndi phazi kuti patsike, osatheka. Ndinapita pazenera n'kugwira zitsulo. Ku Kabwata ukangotsokomola mnzako wa nyumba inayo amafunsa ngati wadwala. Ku Woodlands ndinaitana mpaka mawu anasasa, ondiyankha anali agalu a kuseri kwa mpanda. Madzi akumwa anali kukhitchini. Kamtsikana kanayamba kulira kuti kakufuna kuchimbudzi, ndinakakhazika pabeseni la matewera. Kunja mvula inkangogwa. Ndinagwada pamasaka, koma pemphero lenileni silinatuluke. Ndinkangobwereza kuti, Ambuye, abwere bambo asanabwere adona.

Anayamba kufika ndi adona. Ndinamva galimoto, geti likutsegulidwa ndi kiyi wawo, kenaka mawu a amayi angapo m'pasaji. Anabwera ndi anzawo awiri kudzawaonetsa nyumba. Ndinkamva akuyamikira chipinda ndi chipinda, mawu akuyandikira, mpaka dzanja linagwira chitseko chathu.

"Mwakiya chifukwa chani? Mubisa chani muja?"

"Sindinakiye, amayi. Pansi pafufuma."

"Pachita bwanji?"

"Pafufuma, amayi. Chitseko chikukana."

Anazungulira kunja ndi maambulera, n'kusuzumira pazitsulo onse atatu. Mmodzi wa anzawo aja, mayi wonenepa wa magalasi, anaphulika kuseka.

"Iwe, banakugulisa matabwa yali na mimba! Yazabala liti?"

Adona sanaseke. Nkhope inachita kuuma. Ine ndinaima m'katimo khanda lili m'manja, kamtsikana katandigwira chitenje, fungo la beseni lija lili m'chipinda chonse, ndikuyang'anidwa ngati nkhuku ya m'khola pamsika.

Bambo anafika nthawi yomweyo, atanyowa, chitini cha phula chili paphewa. Anasuzumira kamodzi kokha. Anapita kukhitchini kumene kunali bokosi la zipangizo, n'kubwera ndi tchizulo ndi hamala, n'kundipatsira pakati pa zitsulo.

"Zulani, amake mwana. Yambani pamene pakwera kwambiri."

"Bambo, ndi mzere wanu uja."

"Ndikuudziwa. Tikathyola chitseko ukhala mlandu wachiwiri. Zulani, ana ali ndi ludzu."

Ndinagoneka khanda pamasaka n'kugwada. Ndinali ndisanagwirepo tchizulo. Bambo ankandiuza ali pazenera, ikani pamphako apo, pendeketsani, menyani. Thabwa loyamba linadumpha lokha ngati linkangodikira, n'kukagunda khoma. Enawo ndinkawakanganula ndi manja, phula likumata zala. Lililonse limene ndinkazula ndinkaona ngati ndikuzula lata padenga la kanyumba kaja. Misozi inkagwera pamatabwa, ndipo ndinadzipeza ndikuipukuta msanga ndi chitenje kuti isasiye banga. Nditachotsa okwanira, chitseko chinatseguka.

Adona analowa n'kuima pamphepete pa dzenjelo. Simenti yakuda ndi phula inkaonekera pakhomo penipeni, pamene diso la aliyense limayambira.

"Vipinda vonse vili bwino. Chifukwa chani muno mweka?"

Bambo anavula chipewa. "Nthawi ya mphepo tinkaotha moto muno, amayi. Mwana anadwala chifuwa. Matabwa a muno anauma kupitirira anzake, ndiye mvula itabwera amwa chinyontho chambiri n'kusowa kopita. Ndinayenera kuwatulutsa apume ndisanayale. Ndinaona akulowana bwino, ndinakondwa."

Adona anayang'ana khanda, anayang'ana dzenje. "Ba bwana ndiye bazakamba," anatero, n'kutuluka ndi anzawo.

Masiku otsatirawo tinamanga katundu m'zitenje. Kopita kunalibe. Alamu anga anali ndi chipinda chimodzi ndi ana awo, ndipo anati mwina atenga wamkulu yekha. Bambo anazula chipinda chonse, n'kusanja matabwa motalikirana kuti apite mphepo, ndipo sankadya.

Abwana anabwera Lamlungu masana atachoka kutchalitchi. Anayenda nyumba yonse manja ali kumbuyo, akuponda mwamphamvu pakhomo lililonse. Kenaka anatiitanira pakhonde. Ife tinakhala pansi, iwo anaima.

"Matabwa ena kulibe," anatero. "Muyalanso omwewa. Ndipo ndani anganditsimikizire kuti zipinda zinazi sizidzachita chimodzimodzi chaka chamawa? Ndikakulolani kupita, ndidzakufunani kuti? Simuchoka pano mpaka pansi papirire nyengo ziwiri za mvula. Malata ndawapeza, afika mkati mwa sabata. Amayi awa aziyang'anira pansi, poti aona okha zimene madzi amachita. Mtsikana wa kwa achibale uja asabwerenso."

Ndinagwada n'kuomba m'manja. Bambo anathokoza maso ali pansi. Denga limene tinkalipempherera miyezi yonse ija tinalipeza, koma osati ngati mphatso ya ntchito yabwino. Tinalipeza ngati chikole.

Nyengo ziwiri za mvula zinapita, pansi sipanafufumenso, koma panalibe amene ananena kuti nthawi yakwana, ndipo ife tinalibe pakamwa pofunsira. Bambo ataitanidwa kuntchito yaikulu kumigodi, abwana anangoti, "Nanga pansi pano pakaphulika?" ndipo nkhani inathera pomwepo. Bambo anakhala munthu wokonza zonse pamalopo, mipopi, mpanda, maluwa, n'kumagwira timaganyu tapafupi. Sindinawamvenso akuimba pogwira ntchito. Ine m'mawa uliwonse ndinkalowa pakhomo la kukhitchini ndi polishi ndi burashi, n'kuyenda ndi mawondo kuchokera kutsogolo mpaka kumapeto. Ana anakulira m'chipinda chimodzi kuseri, ataphunzira kuseka motsitsa mawu alendo akakhala pakhonde.

Sindikudandaula ayi. Adona sanali munthu woipa. Ankatipatsa zovala za ana awo, ndipo wamkulu wanga atadwala anamuthamangitsira kuchipatala pagalimoto yawo. Ana onse atatu anaphunzira sukulu ali pansi pa malata amenewo, osanyowa ndi mvula. Tinachokako abwana atapuma pantchito n'kugulitsa nyumba, ine tsitsi litayamba kuyera.

Bambo anatisiya ndi matenda a chifuwa, ndipo ine mawondo anakana kupinda, moti masiku ano ndimapemphera nditakhala pampando kwa mwana wanga ku Chelstone. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada mutikumbukireko. Mukumbukire ana anga atatu ndi adzukulu, awiri mwa anawo akadali m'nyumba za eni, kuti Mulungu awapatse pawopawo pamene angatuluke ndi kulowa osapempha. Mukumbukirenso adona, ndamva kuti nawonso ndi amasiye tsopano.